Boma lisiye kulipira anthu kuti athawe kalasi ndi wodi

M'dziko muno, mphunzitsi kapena namwino amene akufuna kuti malipiro ake asunthe ali ndi njira imodzi yokha yodalirika. Apemphe tchuthi cha maphunziro, asiye kalasi kapena wodi yake kwa zaka ziwiri mwina zinayi, abwereko ndi digiri kapena masitazi, kenako ayambe kusuzumira mipando ya mu ofesi. Anthu akamatsata njira imeneyi timawanena kuti ndi okonda mapepala, chonsecho iwo akungowerenga bwino malamulo a ntchito amene boma linalemba lokha. M'malamulowo, digiri imamulowetsa munthu pa giredi I, pomwe luso limene waonjezera ali pantchito, kaya ndi lophunzitsa ana osamva kapena losamalira makanda obadwa masiku asanakwane, kawirikawiri silimukwezera malipiro pokhapokha litabwera litakutidwa ndi digiri. Mapeto ake timalipira anthu kuti achoke pamalo pomwe tikuwafuna kwambiri. Mankhwala a vutoli alipo: maphunziro aafupi a ku yunivesite, a miyezi 6 kufika chaka chimodzi, okonzedwera anthu amene ali kale pantchito ndipo sakufuna kuisiya. Ophunzira alipo, ophunzitsa alipo. Amene wagona pakhomo ndi wolemba ntchito wamkulu, boma, lomwe mpaka lero silinanene kuti satifiketi yotereyi mtengo wake ndi wotani.

Kwa anzathu kunja, maphunziro amenewa ali ndi malo odziwika pa makwerero a sukulu. Ku Britain, masitazi amawerengedwa kuti ndi mapointi 180. Munthu akapeza 60 amapatsidwa satifiketi, akafika 120 amapatsidwa dipuloma, ndipo akamaliza kafukufuku wake amalandira masitazi athunthu. Ku America satifiketi yotereyi nthawi zambiri imakhala ya maphunziro anayi mpaka asanu ndi limodzi, onse olunjika pa luso limodzi, monga utsogoleri wa sukulu, kuphunzitsa ana kuwerenga, kapena kayendetsedwe ka chipatala. Ubwino wa dongosololi uli pa zinthu ziwiri zimene zimayendera limodzi. Munthu akaima panjira, chifukwa ndalama zatha kapena kunyumba kwagwa zovuta, sabwerera chimanjamanja. Amakhala ndi pepala lozindikirika la gawo limene wamaliza. Ndipo akadzapezanso mphamvu, amapitiriza kuchokera pomwe anasiyira. Kuno kwathu, amene walipira chaka chathunthu cha masitazi n'kulephera fizi ya chaka chachiwiri, kawirikawiri amatsala ndi malisiti okha. Aliyense amene wagwirapo ntchito m'sukulu kapena m'chipatala amadziwa anthu amene "akumalizitsa kafukufuku" kwa zaka zambirimbiri.

Wina asaganize kuti izi n'zachilendo zimene ndikufuna kuitanitsa kunja. University Certificate in Education, imene aphunzitsi amangoitchula kuti UCE, yakhala ikuperekedwa ku Chancellor College ku Zomba ndi ku Mzuzu University kwa anthu amene ali ndi digiri ya sayansi kapena maphunziro ena koma sanaphunzire kaphunzitsidwe. Imeneyo ndi satifiketi ya pamwamba pa digiri, ndipo yasandutsa anthu ambiri odziwa kemisitiri kukhala aphunzitsi a kemisitiri. Ku zaumoyo ndiye umboni ndi wochuluka zedi. Kuyambira m'chaka cha 1985, Malawi wakhala akutenga ogwira ntchito zachipatala odziwa kale ntchito n'kuwaphunzitsa za mafupa kwa miyezi 18, ndipo ma orthopaedic clinical officer amenewa ndiwo amaika zikhakha ndi kulumikiza mafupa a anthu ambiri m'zipatala za maboma, kumene dokotala wamkulu wa mafupa amangofikako mwa apo ndi apo. Ogonetsa odwala ku opaleshoni nawo anachokera m'njira yomweyo ya maphunziro aafupi oonjezera, amene anakhazikika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2007 anapeza kuti ma clinical officer ndiwo amachita pafupifupi maopaleshoni asanu ndi anayi mwa khumi alionse a amayi oyembekezera m'zipatala zimene anafufuzamo, ndipo zotsatira zake sizinkasiyana kwenikweni ndi za madokotala. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991. Tikanadikira kuti itulutse madokotala okwanira boma lililonse, manda akanadzadza.

Chitsanzo chimene chiyenera kuwachititsa manyazi onse onyoza maphunziro aafupi ndi cha ma ARV. Pamene boma linayamba kupereka mankhwalawa kwaulere mu 2004, madokotala analipo ochepa kwambiri moti n'kosatheka kuti aliyense woyamba mankhwala aonedwe ndi dokotala. Unduna wa Zaumoyo unakonza maphunziro a masiku asanu okhala ndi mayeso kumapeto, kutsatizana ndi masabata awiri ogwira ntchito pa chipatala chodziwa kale za mankhwalawa. Wolephera mayeso sankaloledwa kupereka mankhwala. Kenako miyezi itatu iliyonse gulu la oyendera linkafika pa chipatala chilichonse, kutsegula kaundula, kuwerenga makadi a odwala, kuona mankhwala otsala. Mu 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kuyika mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo pa mankhwala a moyo wonse, njira imene imatchedwa Option B+, ndipo mayiko ena anadzatengera. Amene ananyamula ntchito yonseyo ndi anamwino, azamba ndi ma clinical officer, ataphunzitsidwa mwachidule koma n'kuyesedwa ndi kuyenderedwa mosalekeza. Phunziro lake n'lomveka: kutalika kwa maphunziro sikumene kunapulumutsa anthu. Chinagwira ntchito ndi luso limodzi lodziwika bwino, mayeso amene munthu akhoza kulephera, ndi munthu wobwera kudzaona ngati zophunzirazo zikuchitikadi.

Ku maphunziro tili ndi mbiri ina yowawa imene otsutsa amaitchula, ndipo ali ndi ufulu kutero. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni kapena kuposerapo m'nthawi yochepa, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapondepo ku koleji. Pofuna kuwaphunzitsa ali pantchito, mu 1997 kunayamba ndondomeko ya MIITEP: miyezi itatu ku koleji, miyezi pafupifupi 20 akuphunzitsa kusukulu kwawo uku akuwerenga mabuku a ndondomekoyo, kenako kubwerera kukalemba mayeso. Ofufuza a ku Chancellor College ndi University of Sussex amene anaunika ndondomekoyi anapeza kuti gawo la kusukululo ndilo linafooka. Aphunzitsi a ku koleji sankafika kudzayendera mokwanira, ndipo sukulu zambiri zinalibe aphunzitsi odziwa ntchito okwanira oti n'kulera atsopanowo. Koma taonani pamene MIITEP inapunthwa. Inapunthwa pa kuyendera, pomwe ndondomeko ya ma ARV inalimbikira. Inalinso kuphunzitsa anthu ongoyamba kumene, pomwe satifiketi imene ndikukambayi ndi ya munthu amene waphunzitsa kale zaka zisanu kapena khumi ndipo akudziwa bwino chimene chikumuvuta. Ndipo pamene boma linasandutsa malo ophunzirira kutali a MCDE kukhala sukulu za sekondale zoyendera, ma CDSS, n'kudzazamo aphunzitsi a pulayimale, Domasi College of Education ndi imene inakweza ambiri mwa iwo kudzera m'dipuloma yophunzirira kutali, akubwera ku koleji pa holide n'kubwerera kukaphunzitsa teremu ikayamba. Ana sanasowe mphunzitsi chifukwa choti mphunzitsiyo akuphunzira.

Mtengo wa njira yaitali sitimauwerengera bwino chifukwa sulembedwa mu bajeti. World Health Organization inanena mu 2016 kuti dziko limafunika madokotala, anamwino ndi azamba 4.45 pa anthu 1,000 alionse kuti lithe kupereka chithandizo choyenera. Malawi ali kutali zedi ndi nambala imeneyo. Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi pomwe pali anamwino awiri kapena atatu, mmodzi akapita kusukulu zaka ziwiri, otsalawo amagwira usana ndi usiku, ndipo mayi wobwera ndi matenda pakati pa usiku amapeza munthu wotopa. Pa CDSS pomwe mphunzitsi wa masamu ndi mmodzi, tchuthi chake cha maphunziro chimatanthauza kuti ana a Fomu 4 adzalowa m'mayeso a MSCE ataphunzitsidwa ndi mphunzitsi wa jogalafe. Akuluakulu a maofesi podziwa zimenezi amaumira nacho chilolezo, anthu n'kumadikira pamzere zaka, ndipo pomwe pali mzere wautali chotere pamabadwa kukondera ndi miseche. Oyamba kugwa panjira ndi amayi, amene ndiwo ambiri pa unamwino ndi uzamba. Mayi wa ana atatu amene akugwira ntchito ku Chitipa sangasamukire ku Blantyre zaka ziwiri mosavuta ngati mnyamata wosakwatira. Kuonjezera apo, kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, fizi ya masitazi inafika poti wantchito wa boma sangaikwanitse popanda ngongole ya kubanki kapena katapila.

Chomvetsa chisoni kwambiri chimadza munthuyo akabwerako. Walipira ndalama zambiri, wasiya banja, ndiye akufuna kubweza. M'kalasi mulibe giredi yolingana ndi pepala lake, ku wodi nakonso kulibe. Choncho amalowera ku ofesi ya maphunziro ya boma, ku likulu, kapena ku bungwe lomwe si la boma kumene kuli galimoto ndi malipiro abwino. Sindikumunena, aliyense wa ife akanachita chimodzimodzi. Koma tiyeni tione chimene dongosololi lachita: latenga mzamba waluso kwambiri pa chipatala, lamusowetsa zaka ziwiri, kenako lamusandutsa wolemba malipoti. Aphunzitsi a pulayimale amene anasankha kukhalabe m'kalasi akhala pa giredi imodzi, imene ambiri amaitchulabe kuti PT4, kwa zaka zambiri, ena mpaka imvi kumera. Uthenga umene mphunzitsi wachinyamata amatolapo ndi woti wanzeru amathawa choko.

Pakati pa digiri yaitali ndi kusaphunzira konse, tinaikapo chinthu chimene chatidyera ndalama zosawerengeka, chomwe ndi wekishopu. Ku Mponela, ku Salima, ku Mangochi, mahotela akhala akudzadza ndi anamwino ndi aphunzitsi omvera nkhani masiku atatu, kusaina alawansi, kulandira satifiketi yosonyeza kuti analipo, n'kubwerera. Palibe mayeso, choncho palibe wolephera. Amene amapita nthawi zambiri ndi amene ali pafupi ndi bwana, ndipo munthu mmodzimodziyo akhoza kuphunzira mutu umodzi katatu kwa opereka thandizo atatu osiyana. Alawansi inasanduka malipiro achiwiri, ndipo popeza malipiro oyambawo ndi ochepa, palibe amene angayerekeze kuikhudza osayambitsa mkangano. Makhonsolo a anamwino ndi madokotala amafuna kuti munthu aonetse mapointi a maphunziro oonjezera asanakonzenso chiphaso chake chogwirira ntchito, zomwe n'zabwino, koma mapointi otoleredwa uku ndi uku saunjikana kukhala luso lodziwika ndi dzina. Tsono mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo USAID, imene inali kumbuyo kwa ntchito zambiri za umoyo komanso ndondomeko yophunzitsa ana kuwerenga imene inayamba mu 2016, inathetsedwa. Chitsime chimodzi chachikulu cha mawekishopu chaphwa. Ngati panali nthawi yoti tiganizenso za mmene wantchito amaonjezerera luso, ndi ino, ndipo ndalama zochepa zimene zatsala zikuyenera kugula maphunziro okhala ndi mayeso m'malo mogula chakudya cha masana cha ku hotela.

Chimene boma likuyenera kuchita si chovuta kuchimvetsa, ngakhale chili chovuta kuchisaina. Department of Human Resource Management and Development, pamodzi ndi Teaching Service Commission ndi Health Service Commission, alembe m'malamulo a ntchito kuti satifiketi yovomerezeka ya luso lakutilakuti imamukweza munthu mwakutimwakuti, malinga ngati akhalabe m'kalasi kapena m'wodi momwe lusolo likufunika. Pakhale makwerero a munthu wosafuna ofesi. Mphunzitsi wa Sitandade 1 amene wakhoza satifiketi ya kaphunzitsidwe ka kuwerenga athe kufika pa malipiro a mphunzitsi wamkulu osasiya ana ake. Namwino wa ku nazale ya makanda athe kukwera osasanduka woyang'anira ma rejisitala. Maluso oyambira nawo sachita kusaka. Kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700, anaonetsa kufunika kwa anthu odziwa kuthana ndi miliri m'boma lililonse. Namondwe Freddy mu March 2023 anasiya ana ndi akulu osokonezeka maganizo m'maboma a kum'mwera, pamene odziwa za umoyo wa m'maganizo ndi ochepa ndipo anthu ambiri amangodziwa chipatala cha ku Zomba ndi cha St John of God. Montfort ku Nguludi yaphunzitsa kwa zaka zambiri aphunzitsi a ana aulumali, koma koleji imodzi kapena ziwiri sizingafikire sukulu zonse zimene tsopano zikulandira ana otere m'makalasi wamba. Aphunzitsi aakulu ambiri amaikidwa pa udindo asanaphunzirepo kusunga ndalama za sukulu kapena kuyendetsa anthu.

Pali chinthu china chimene wokonza maphunzirowa asachiiwale, apo ayi adzangothandiza ochepa amene athandizidwa kale. Kunja, satifiketi yotereyi imalandira anthu a digiri. Kuno, aphunzitsi ambiri a pulayimale ali ndi satifiketi ya ku makoleji a aphunzitsi, ma TTC, ndipo anamwino ambiri a m'zipatala za boma ndi za CHAM ali ndi dipuloma. Tikatseka chitseko n'kunena kuti olowa ndi a digiri okha, tasiya kunja anthu enieni amene amakumana ndi mwana ndi wodwala tsiku ndi tsiku. Choncho pafunika makwerero awiri ofanana kapangidwe: satifiketi za pamwamba pa digiri zimene zimaunjikana kukhala masitazi, ndi satifiketi za pamwamba pa dipuloma zimene zimaunjikana kukhala digiri. Zaka khumi zimene mzamba wathera m'chipinda chochirira ziwerengedwe pomulandira. Kumuuza munthu wotereyo kuti ayambirenso limodzi ndi mwana wongochoka ku Fomu 4 ndi chipongwe, komanso kutaya ndalama.

Otsutsa oyamba amati tikatsegula khomo limeneli tidzadzadza dziko ndi mapepala opanda kanthu. Mantha awo ali ndi maziko. Taona masukulu akutsegulidwa m'zipinda za pamwamba pa masitolo, taona anthu akudzitcha madokotala chifukwa cha ulemu wogula. Boma likangonena kuti satifiketi imakweza malipiro, mawa lake m'mawa padzapezeka ogulitsa masatifiketi. Koma yankho la ndalama zachinyengo si kuthetsa ndalama. National Council for Higher Education, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ilipo kuti ivomereze kapena kukana maphunziro. Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi alipo, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linakhazikitsanso Teachers Council of Malawi. Mabungwe amenewa aike lamulo limodzi lolimba: satifiketi imene ingakweze malipiro ikhale yoti gawo lalikulu la mayeso ake limachitikira pantchito. Woyesa wochokera kwina akakhale kumbuyo kwa kalasi n'kuona mphunzitsi akuphunzitsa ana 100 kuwerenga. Akaime pambali pa bedi n'kuona namwino akutsitsimutsa khanda losapuma. Mayeso otere ndi odula, ndipo n'chifukwa chake wogulitsa mapepala sangawakwanitse. Ndingaonjezere kuti masitazi nawo sali oyera pa nkhani ya chinyengo. Kulemberana kafukufuku pa ndalama si nkhani yachinsinsi m'matauni athu, ndipo makina olemba okha a pa intaneti angoipeputsa ntchitoyo. Kubera munthu akukuyang'ana ukugwira ntchito n'kovuta kuposa kubera pepala.

Otsutsa ena ali m'mayunivesite momwemo, ndipo amalankhula mwaulemu za kuya kwa maphunziro. Amati munthu wa miyezi isanu ndi umodzi ndi wosapsa, ndipo dziko likufuna anthu oganiza mozama ndi ofufuza. N'zoona kuti likuwafuna. Palibe amene akunena kuti Kamuzu University of Health Sciences isiye kuphunzitsa madokotala aakulu kapena University of Malawi isiye kutulutsa ofufuza. Funso ndi lakuti, mwa anthu onse amene akulipira masitazi Loweruka ndi Lamlungu, ndi angati amene akufunadi kukhala ofufuza? Ambiri akufuna luso ndi kukwezedwa, ndipo timawakakamiza kulemba kafukufuku amene akathera pa shelufu ya laibulale chifukwa ndi njira yokhayo imene ilipo. Tisabisenso kuti mayunivesite a boma, amene ndalama zochokera ku Treasury siziwakwanira, amapezera mpumulo pa fizi ya anthu apantchito, ndipo pulogalamu ya zaka ziwiri imabweretsa zambiri pa mutu umodzi kuposa ya miyezi isanu ndi inayi. Koma masamu amenewo ndi operewera. Amene angakwanitse fizi ya satifiketi ndi ochuluka kwambiri kuposa amene angakwanitse masitazi, ndipo wokhoza satifiketi yoyamba ndiye adzabweranso kudzatenga yachiwiri. Chiyambire kugawidwa kwa University of Malawi mu 2021, yunivesite iliyonse ikufunafuna njira zodziimira payokha. Msika uwu uli pakhomo pawo. College of Medicine inasonyeza kale kuti n'zotheka pamene inagwirizana ndi Royal College of Surgeons in Ireland kuphunzitsa ma clinical officer maopaleshoni ali m'zipatala zawo za maboma, madokotala aakulu akumawayendera komweko.

Mtsutso wolemera kuposa yonse ndi wa ndalama. Boma likulephera kulemba ntchito anamwino ndi aphunzitsi amene anamaliza kale maphunziro, ena akhala pakhomo zaka, ena akugwira ngati aphunzitsi othandizira pa malipiro ochepa. Lidzazitenga kuti zokwezera amene ali kale pantchito? Ndikuvomereza kuti sitingakweze aliyense nthawi imodzi, ndipo wolonjeza zimenezo akunama. Koma boma likulipira kale, mosaona. Limalipira malipiro a munthu amene ali pa tchuthi cha maphunziro zaka ziwiri osagwira ntchito. Limalipira lokamu, ndalama za maola oonjezera, kwa otsala kuti atseke mpatawo. Limalipira kuphunzitsa wina watsopano pamene wa masitazi uja wapita ku bungwe. Poyerekeza ndi zimenezi, kuonjezera pang'ono malipiro a munthu amene sanachoke pantchito ngakhale teremu imodzi n'kotsika mtengo. Ndipo kukwezako kukhoza kuyamba ndi malo owerengeka, omangiriridwa ku sukulu ndi zipatala zimene zikusowa lusolo, makamaka za kumidzi kumene anthu amakana kupita. Tinachitapo zazikulu kuposa izi. Mu 2004, zipatala zitatsala pang'ono kugwa chifukwa cha kusowa kwa antchito, boma ndi Britain komanso Global Fund anayambitsa ndondomeko yapadera imene inaonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu angapo a ogwira ntchito zaumoyo. Inasonyeza kuti anthu amamvera malipiro. Chimene ndikupempha n'chakuti malipirowo alozetsedwe ku luso ndi kukhala pamalo.

Ena amaopa kuti tikawapatsa mapepala ozindikirika adzathawira kunja. Malawi ali pa mndandanda wa mayiko 55 amene World Health Organization inanena mu 2023 kuti asamakopedwe antchito ake a zaumoyo, koma zimenezo siziletsa munthu kudzifunsira yekha ntchito ku London kapena ku Johannesburg. Ena adzapitadi. Komabe maganizo oti njira yosungira antchito ndiyo kuwasiya osaphunzira ndi oipa, ndipo sagwiranso ntchito, pakuti amene akufuna kupita akupita kale. Munthu amene amalongedza katundu ndi amene waona kuti kutsogolo kwatsekeka. Satifiketi yolunjika pa ntchito ya pa Ntchisi kapena Nsanje, yokhala ndi malipiro ake ndi pangano loti atumikire zaka zingapo pamalopo, imamupatsa chifukwa chokhalira chimene lero alibe.

Za intaneti ndi magetsi ndinene mwachidule, chifukwa ndi chifukwa chimene aulesi amabisalamo. Bandulo ndi yodula ndipo magetsi amathima, inde. Pamene sukulu zinatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, tinaona tokha mmene maphunziro a pa intaneti anasiyira ambiri m'mbuyo. Koma palibe amene analamula kuti satifiketi izi zikhale za pa kompyuta zokhazokha. Zoni iliyonse ya sukulu za pulayimale ili ndi malo osonkhanira aphunzitsi, TDC, ndi mlangizi wa maphunziro, a PEA. Boma lililonse lili ndi chipatala chimene odwala ake ndiwo buku lophunzirira. Sabata ziwiri za holide ku koleji, mabuku osindikiza, gulu la pa WhatsApp, ndi woyendera wokhala ndi mafuta a njinga yamoto n'zokwanira. Mafutawo ndiwo asadulidwe mu bajeti, chifukwa ndi pomwe MIITEP inagwera.

Mabungwe a antchito ali ndi gawo lawo pa nkhaniyi, ndipo mpaka pano sanaligwire mwamphamvu. Teachers Union of Malawi ndi National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi akakhala pa tebulo ndi boma amakamba za maperesenti, za ndalama za tchuthi zochedwa, za kukwezedwa kumene kunaima. Zonsezo n'zofunika, koma peresenti ya chaka chino imadyedwa ndi kukwera kwa mitengo chaka chisanathe, pomwe ndime imodzi yolembedwa m'malamulo a ntchito imakhala zaka. Apite ndi mndandanda wa masatifiketi ochepa, atatu a aphunzitsi ndi atatu a zaumoyo, satifiketi iliyonse ili ndi yunivesite yoiphunzitsa, khonsolo yoivomereza, ndi giredi imene ikutsegula. Afunse kuti Higher Education Students' Loans and Grants Board iganizirenso wantchito amene akufuna ngongole ya miyezi isanu ndi inayi, amene malipiro ake akudutsa kale m'manja mwa boma ndipo kubweza kwake n'kosavuta kutsata. Mayunivesite sadzakonza maphunziro amene wolemba ntchito sakuwazindikira, ndipo antchito sadzalipira fizi ya pepala limene silisintha kanthu pa malipiro awo a pamwezi. Woyamba kusuntha ayenera kukhala amene ali ndi cholembera ku Capital Hill.